Kuletsa magazi pamkono osapha mtsempha

Adokotala akamaliza kupima mitsempha ya mtima polowera pamkono, ntchito yotsala imakhala yathu anamwino. Kabowo ka pamtsempha wa radial, uja umagunda kumbali ya chala chachikulu, katsekeke, koma magazi asasiye kudutsa m'kati mwake. Ambiri amangoopa magazi otuluka n'kumanga mothinitsa. Mtsempha ukafinyika mpaka magazi kuima, amaundana, ndipo njirayo imatsekeka.

Kachubu kamene adokotala analowetsa mumtsempha kasanatuluke, ndimafunsa kaye kuchuluka kwa heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene wodwala walandira. Pongopima, kawirikawiri amakhala mayunitsi 5,000 kapena 50 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kenako ndimamuveka kalamba koonekera m'kati ka TR Band, kadontho kake kobiriwira kakhale mamilimita 1 kapena 2 kumtunda kwa bowo la pakhungu, cha kuchigongono. Singano imalowa mopendeka, choncho bowo la pamtsempha lili kumtundako. Ndi sirinji yake ndimapopa mpweya wa mamililita 15 uku ndikusolola kachubu. Sindipitirira 18.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndimatulutsa mpweya mililita imodziimodzi mpaka kadontho ka magazi kaoneke, n'kubwezera 1 kapena 2. Ndikatero ndimaika pulse oximeter, kamakina koonetsa kugunda kwa magazi, pachala chachikulu, n'kutsindira ndi chala changa mtsempha wa ulnar, wa kumbali ya kachala kakang'ono. Mzere wa pamakina ukamakwera ndi kutsika, ndiye kuti radial akudutsitsa magazi. Ukaongoka, kalamba kathina: ndimachotsa mililita imodzi, ndiyesenso. Kukhudza ndi chala kokha sindikukhulupirira, chifukwa magazi a ulnar amazungulira m'chikhatho n'kumagunda kumunsi kwa kalamba ngakhale radial atatsekeka kale.

Wongopimidwa amakhala ndi kalamba ola limodzi kapena awiri. Amene amuika stent, kachitsulo kotsegula mtsempha wa mtima, walandira heparin wambiri, ndiye amafika maola awiri mpaka anayi. Nthawi ikakwana ndimachotsa mamililita 2 kapena 3 mphindi 15 zilizonse. Magazi akaoneka ndimabwezera omwe ndachotsawo, n'kudikira mphindi 15 mpaka 30. Kusiya kalamba usiku wonse poti tikusamala ndi kumene kumapha mitsempha.

Nthawi yonseyi ndimayang'ana zala, ngati zazizira, zachita dzanzi kapena zasintha mtundu, komanso mkono mpaka pachigongono. Ukayamba kutupa n'kuuma, magazi akutayikira m'kati. Ndimakulunga lamba wa BP potupapo, n'kupopa mpaka 15 mmHg kutsika pa nambala yapamwamba ya BP yake, kwa mphindi 15, adokotala ataitanidwa kale. Ululu woopsa powongola zala ndi ngozi yosadikira m'mawa.

Asanatuluke ndimayesanso ndi oximeter. Radial akapezeka wotsekeka, kutsindira ulnar kwa ola limodzi kumakankhira magazi kumeneko ndipo nthawi zambiri amatseguka. Wodwala sangadandaule kanthu poti ulnar akudyetsa dzanja, koma mtsemphawo udzafunika akadzabwera kudzapimidwanso kapena impso zikadzafooka n'kufunika fistula, polumikiza mitsempha kuti azitsukidwa magazi pamakina a dialysis.

Anthu athu a kuchigwa cha Shire, a ku Nchalo, Ngabu ngakhale Nsanje, amapimidwira kutali ndi kwawo, ndiye malangizo ndimawauza gadiyani ali pomwepo. Tsiku loyamba mkono usapindidwe pamene pali bala. Masiku atatu oyamba, kapena kuposa adokotala akatero, asakhudze mjigo, munsi, khasu kapena njinga, ndipo chigubu cha malita 20 chinyamulidwe ndi wina. Dzuwa lathu mukulidziwa: pulasitala ikanyowa ndi thukuta isinthidwe, bala likhale louma. Ngati sanaletsedwe chifukwa cha mtima kapena impso, amwe madzi ambiri kuti mankhwala oonetsa mitsempha amene anamuthira popima atuluke ndi mkodzo. Aspirin ndi clopidogrel, mankhwala oletsa magazi kuundana, asasiye poopa magazi, chifukwa stent ingatsekeke.

Bala likatseguka panjira kapena kunyumba, akhale pansi, akweze mkono, wina atsindire ndi zala pakansalu koyera mphindi 15 osasuzumira. Musamange ndi mphira, musathirepo zitsamba. Magazi akakana kuleka, dzanja likazizira, kapena pabala pakamera chotupa chogunda, pitani kuchipatala cha Chikwawa kapena Nsanje mukutsindirabe, kalata ya kumene anapimidwa ili m'manja.