Zikomo kwa amisiri ndi onse amene mwaimika vani ya sitolo yathu

Vani ija yayamba ntchito. Amene mwaiona ikutsika ku Matawale m'mamawa, yoyera ngati mkaka kumtunda, yobiriwira kumunsi, nyali zake zozungulira ngati za magalimoto a nthawi imene Zomba inali likulu, ndi yomweyo. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti tinaifukula kuti. Tiyankha pothokoza amene anaigwira ntchitoyi, aliyense ndi chake, kuti wina wofuna galimoto yotere adziwe poyambira.

Tiyambe ndi inu bambo amakanika a ku Chinamwali, amene munatikaniza kugula chimene tinkafuna. Maso athu anali pa Volkswagen Kombi yakale kapena kavani ka Morris Minor. Inu munangofunsa kuti ikafa Lachisanu madzulo buledi ali m'kati, sipeya tikaipeza kuti. Kombi yakale injini yake ili kumbuyo, motero imadya malo a katundu, ndipo imazizira ndi mphepo osati madzi, komanso ndi amakanika ochepa amene anaizolowera. Morris Minor anasiya kuipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Munati tigule Toyota HiAce ya mtundu umene unayamba mu 1989, ya injini ya dizilo ya 3L, ya malita 2.8, yofanana ndi maminibasi akale oyenda pakati pa Zomba ndi Limbe, ndipo chikale tichiike pankhope pokha. Masipeya ake ali mbwee, ndipo mnyamata aliyense wa pagalaji amaidziwa.

Zikomonso chifukwa cha kayang'anidwe kanu pogula. Munakana kuona galimoto imene mwini wake waitenthetsa kale, chifukwa injini yotopa imaulula matenda ake poilitsa koyamba m'mawa: utsi wabuluu ndi oilo amene akupsa, woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi olowa kumene sayenera. Munatsegula redieta isanatenthe, n'kuilitsa, kuona ngati madzi akutulutsa thovu. Injini zimenezi zikangowiritsidwa, hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, imang'aluka, ndipo chitunda cha ku Ku Chawe sichichedwa kuulula. Kenako kamaginito kokulunga m'kansalu, kuyendetsa m'mbali monse. Pamene sikakugwira ndiye kuti pali fila, phala lomata pa bode, yobisa dzimbiri. Vani ina imene inkawala kuposa zonse inagwa pamenepo, mbali yonse ya pansi pa chitseko chotsetsereka inali fila yokhayokha. Malo ofunika kugwada n'kuona ndi popondera polowa, pamwamba pa matayala, pansi pa galasi lakutsogolo, njanji ya chitseko chija ndi pokhala batire. Nambala ya shasi munaiwerenga chilembo ndi chilembo kufananiza ndi ya mu bulu buku tisanatulutse ngakhale tambala.

Tisanaganize za penti munasintha lamba wa taimingi, amene pa injini iyi amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, pamodzi ndi tenshona yokungitsa lambayo ndi pampu ya madzi. Galimoto yogula kwa munthu musamakhulupirire mawu akuti lamba ndi watsopano. Akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Kwa inu achimwene owotcherera ndi kuwongola magalimoto a ku Ndola, manja anu tawaona. Pamene dzimbiri laboola simunamatepo, munadula mpaka pachitsulo chabwino, n'kuika chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana, kuwotcherera kadontho apa, kadontho apo, kudikira pazizire. Chitsulo cha bode ndi chopyapyala, ukachiwotcherera mzere umodzi wautali chimapindika ngati chiwaya. Kutsogolo munapanga mafelemu atsopano a nyali zozungulira za mainchi 7 ndi giliro ya timizere topingasa. Apa panali chophunzira. Nyali zoyamba zimene wogulitsa wina anatitumizira zinali za magalimoto a chiwongolero chakumanzere, zoponya kuwala kumanja, m'maso mwa amene ukukumana naye. Kuno timayenda kumanzere, nyali iyenera kuponya kuwala kumphepete kwa msewu, kumene kuli anjinga ndi oyenda pansi. Munaziona poziyatsa pakhoma, zinabwezedwa. Mawaya a nyali zatsopano munawadutsitsa pa rilee ndi fyuzi yakeyake kuti swichi yakale isapse.

Bambo openta, inu tinakangana nanu pang'ono pa za masiku, ndipo munali olondola. Munakana kupopera penti sabata ya chiperoni, chifukwa chinyezi chimachititsa penti kuchita mbuu ndi kutuluka timatuza pakapita miyezi. Munapala ndi sandipepa ya 80, kenako 180, fila yosapitirira mamilimita atatu, pulaimala, n'kusalaza ndi 320 ndi 600. Mtundu woyera unayamba, utauma bwino mpomwe munamata tepi ndi kupopera wobiriwira. Tepi munaichotsa penti isanalimbiretu kuti mzere wolekanitsa mitundu usatheketheke. Mzere umenewo, wodutsa pansi pa mawindo n'kutsika ngati V kutsogolo, ndiwo umanamiza anthu kuti galimotoyi ndi ya agogo.

Zilembo za m'mbali zinalembedwa pamanja ndi burashi. Mayi olemba zikwangwani, zikomo potiuza kuti dzina la sitolo ndi nambala ya foni zakwana, chifukwa munthu woima pa Mpondabwino galimoto ikudutsa sawerenga ziganizo.

Akalipentala a ku Sadzi, mashelefu anu sakulira. Munakana matabwa a paini ongochekedwa kumene m'phirimu, chifukwa aawisi amapindika akauma m'galimoto yotentha. Felemu ndi ya chitsulo cha mamilimita 25, yomangidwa ndi mabawuti pansi, pamwamba pake pulayiwudi ya mamilimita 12 ndi kampanda kutsogolo kwa shelefu iliyonse kuti katundu asatsetsereke pokhota. Matumba a ufa ndi shuga amakhala pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, buledi ndi mazira pamwamba. Kumbuyo kwa dalaivala kuli chotchinga cha chitsulo, kuti pomanga mabuleki mwadzidzidzi kreti isamupeze pakhosi. Matayala ndi okhala ndi chilembo C, a magalimoto onyamula katundu.

Alongo athu amene munayenda ndi mapepala, zikomo potikumbutsa kuti mtundu wa galimoto ukasintha, bulu buku iyeneranso kusinthidwa ku Road Traffic, apo ayi pa rodibuloko mudzafotokoza mpaka dzuwa kulowa. COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshuwalansi zili pagalasi, mathirayango awiri ndi chozimitsira moto zili pansi pa mpando.

Makasitomala athu a ku Chikanda, Thondwe ndi Songani, mwapirira miyezi imene katundu ankabwera pa kabaza, nthawi zina atanyowa. Tsopano azifika pakhomo. Tikupempha chimodzi: chitseko chotsetsereka musachikoke mwamphamvu, kagudumu kake kapakati tikudikira katsopano kuchokera ku Limbe, pakadali pano azitsegula ndi adalaivala.