Bini yakuda, bini yachikasu ndi katoni ya singano

Pokamba za kasamalidwe ka zinyalala za m'chipatala, tiyambe ndi ntchito yomwe imachitika tsiku lonse m'zipatala zathu, kuyambira pa boma ku Mangochi mpaka ku Makanjira: kuyeza malungo. Mwana mmodzi akayezedwa ndi mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, patebulo pamatsala kapepala konyezimira kokutira choyezera, kaphukusi koyamwa chinyezi, kathonje ka spiriti, kobayira pachala, kotapira dontho la magazi, choyezera chenichenicho, thonje lomwe mwana wagwirizira pachala, ndi magulovesi. Tizinthu tochepa, koma njira zake ndi zitatu. Kobayira kalowe m'katoni ya singano nthawi yomweyo, dzanja lisanagwire china chilichonse. Choyezera, kotapira magazi, thonje ndi magulovesi zipite mu bini yachikasu. Kapepala ndi kaphukusi kaja n'za mu bini yakuda. Amene wayezayo ndiye asankhe, ali chikhalire pampando pomwepo. Akangozikokolera pamodzi, palibenso wina kutsogoloko amene angazilekanitse, ndipo sitifuna n'komwe kuti wina ayese. Zinyalala zikasakanikirana, thumba lonselo limatengedwa kuti ndi loopsa. Munthu sapisamo dzanja.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pa zinyalala 100 zilizonse zotuluka m'chipatala, pafupifupi 85 n'zofanana ndi za pakhomo: mapepala, makatoni, zotsala za chakudya, zosesa. Zoopsa ndi 15 zokha. Ndiye mukalowa m'wodi n'kupeza bini yachikasu ikudzaza msanga kuposa yakuda, dziwani kuti penapake palakwika. Kuno zimanyanya nyengo ya mango. Makoko a mango, mitu ya usipa, mkute, mabotolo a zakumwa, zonse zimathera mu bini yachikasu chifukwa ndi yomwe ili pafupi ndi bedi. Magadiyani sindiwaimba mlandu. Ambiri palibe anawauzapo, komanso mawu a pa bini amakhala a Chingerezi pomwe mayi wochokera ku Katuli kapena ku Lungwena amalankhula Chiyao. Matani zithunzi pakhoma pamwamba pa bini iliyonse, ndipo pa phunziro la m'mawa wina anyamule chikoko cha mango ndi bandeji, awonetse komwe chilichonse chimapita.

Mu bini yachikasu mumalowa chilichonse chomwe chakhudza magazi, mafinya, makhololo, chimbudzi kapena madzi ena a m'thupi: mabandeji, thonje, magulovesi, machubu a diripu ndi a mkodzo, matewera a wodwala. Zipatala zomwe zili ndi bini yofiira zimaisungira zoopsa kwambiri, monga timabotolo ta makhololo a TB tochokera ku labu. Bini ikhale ya chivundikiro chopondera ndi phazi, ndipo jumbo ya m'katimo ifanane mtundu ndi biniyo. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Majumbo achikasu akatha ku sitolo, wina amayala yakuda mu bini yachikasu poganiza kuti bola pali china. Jumboyo ikamangidwa n'kutulutsidwa, palibe amene angadziwe zomwe zili m'katimo, ndipo imakathera kudzala limodzi ndi makoko a nthochi. Ngati palibiretu kuchitira mwina, imangeni ndi kansalu kachikasu kapena matanipo pulasitala n'kulemba ndi maka kuti ZOOPSA isanachoke m'wodi.

Katoni ya singano imafuna kuikambirana mofatsa, chifukwa ndi yomwe imavulaza anthu. Yomwe timalandira kawirikawiri ndi ya malita 5, imabwera yophwatalala, ndipo wopinda akalumpha kapindidwe kamodzi pansi pake pamatsala mpata. Musanayambe kuigwiritsa ntchito, itembenuzeni muone ngati pansipo patsekeka. Iikeni pomwe dzanja la wobaya lifika osadzuka, komanso pomwe mwana woyendayenda sangaifikire. Pansi si malo ake: wokolopa akadutsa kawiri katatu, katoniyo imanyowa kunsi, imafewa, ndipo tsiku loinyamula singano zimangotulukira. N'chimodzimodzi pafupi ndi sinki kapena pansi pa zenera nyengo ya mvula.

Jakisoni wogwiritsidwa ntchito alowe m'katoni wathunthu, singano ili pomwepo, yoyang'ana pansi. Osavindikiranso singano ndi manja awiri, osaipinda, osaichotsa. Anthu ambiri amadzibaya pa nthawi yovindikirayo. Katoni ikafika pa mzere wa magawo atatu mwa anayi, itsekeni, matanipo tepi, lembani tsiku ndi wodi. Kuigwedeza kuti zitsike kapena kukankhira ndi chala kuti mulowe ina imodzi, kumeneko ndiye kuitana ngozi. Yotsekedwa sitsegulidwanso, ndipo sitikhuthula n'cholinga choti katoniyo igwirenso ntchito. Makatoni akasowa, chigubu cha pulasitiki yolimba cha kukamwa kochepa, cholembedwa bwino, chimagwira ntchito kuposa katoni ya sopo. Alangizi a zaumoyo omwe amapita ku sikelo za m'midzi abwere nayo katoni yawo kuchipatala, yotsekedwa ndi yokutidwa mu jumbo ngati kukugwa mvula. Kuiponya m'chimbudzi cha pasukulu kapena kuiwotcha paseli pa tchalitchi kapena mzikiti kumasiya singano pomwe ana amasewera, ndipo tonse tikudziwa kuti mwana akatola jakisoni amamusandutsa chothirira anzake madzi.

Majumbo nawonso amangidwe akafika magawo atatu mwa anayi. Wonyamula agwire kukhosi kwa jumbo, italikirane ndi miyendo, osaikoleka paphewa kapena kuikumbatira, osaipondereza ndi phazi. Avale magulovesi okhuthala ofika m'zigongono, osati opyapyala oyezera odwala, pamodzi ndi epuloni ya pulasitiki ndi jombo za mphira. Wilibala kapena ngolo ya zinyalala ikhale ya zinyalala zokha, ndipo zakuda ndi zachikasu zisakwere ulendo umodzi. Nthawi yabwino yotulutsa ndi m'mawa anthu asanadzaze m'makonde, osati pomwe chakudya chikugawidwa.

Kusunga kuli ndi malire ake. Malangizo a WHO a madera otentha amati zinyalala zokhala ndi tizilombo zisapitirire maola 48 nyengo yozizira, ndi maola 24 nyengo yotentha. Amene anakhalapo ku Mangochi mu Okutobala sangafunse chifukwa chake. Kanyumba kosungira kakhale ndi denga, simenti pansi yotsukika, mpweya wolowa, ndi loko. Mpanda ndi wofunika monga chitseko, chifukwa mbuzi, agalu ndi akhwangwala amang'amba jumbo mosavuta, ndipo cha ku Monkey Bay kuli anyani.

Za klorini tinaziphunzira mowawa pa kolera ya 2022 ndi 2023, pomwe boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Komabe kasungunulidwe kake kamaiwalika msanga. Magazi akatayikira pansi pamafunika klorini ya 0.5 peresenti. Ngati muli ndi Jik wa 3.5 peresenti, ndipo onani pabotolo kaye, muyezo umodzi wa Jik umafuna miyezo 6 ya madzi. Ngati ndi klorini ya ufa ya HTH ya 70 peresenti, ndi magalamu 7 pa lita imodzi. Vindikirani magaziwo ndi pepala kapena kansanza, thirani, dikirani mphindi 10, kenako pukutani n'kutsuka ndi sopo. Chimbudzi ndi masanzi a wodwala kolera zimafuna 2 peresenti, pafupifupi magalamu 30 a HTH pa lita, ndipo zikhale mphindi 15 zisanakhuthulidwe. Pansi ndi mabedi ndi 0.2, m'manja ndi 0.05. Sungunulani mu ndowa ya pulasitiki yovindikira, chifukwa yachitsulo imadyeka, ndipo konzani yatsopano tsiku lililonse. Kutentha ndi dzuwa lathuli zimaithetsa mphamvu ngakhale fungo likumvekabe.

Pali malo ena pomwe klorini siyenera kufika. Musathire m'majumbo omwe akupita kukawotchedwa: amanyowa, ndipo utsi wake umaipiraipira. Musaiyandikizenso ku makatiriji a makina a GeneXpert oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi. Muli mankhwala otchedwa guanidinium thiocyanate omwe akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wa poizoni. Makatiriji amenewa asungidwe paokha, chifukwa amafuna moto woposa umene ng'anjo ya njerwa ingafike.

Tsopano ng'anjo. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zili ndi ya njerwa, ina yake ya mtundu wa De Montfort, yokhala ndi zipinda ziwiri: choyamba chowotchera zinyalala, chachiwiri chomalizitsa utsi usanakwere chumuni. Kuti igwire ntchito yake iyenera kufika madigiri 800 kapena kuposa. Vuto lomwe limabwerezedwa kulikonse ndi lofanana: wowotcha amadzaza majumbo mpaka kukamwa ng'anjo ili yozizira, n'kuthira palafini, n'kuyatsa, n'kuchokapo. Zimakhala ngati kuphikira nkhuni zaziwisi, utsi wokhawokha. Pulasitiki ya PVC, yomwe imapezeka m'machubu ndi m'matumba ena a magazi ndi a diripu, ikamanyeka pamoto wozirala chonchi imatulutsa ziphe zotchedwa dioxin ndi furan. Sizioneka ndi maso, zimatera pa ndiwo za m'dimba ndi pa msipu, ndipo zimakhalitsa m'thupi.

Kawotchedwe koyenera kamayamba ndi kuchotsa phulusa la dzulo ndi kuona ngati mabowo a mpweya ali otseguka. Yatsani nkhuni zouma ndi makatoni, muzisiye zilirime mphindi 20 mpaka 30 mpaka njerwa zitenthe. Kenako ponyani pang'onopang'ono, jumbo imodzi kapena katoni imodzi ya singano, n'kutseka chitseko, n'kudikira mphindi ngati 10. Sinthanitsani zonyowa ndi zouma: katoni ya singano imayaka kwambiri chifukwa cha pulasitiki, ndiye imathandiza jumbo ya mabandeji onyowa yobwera pambuyo pake. Chumuni ndiye imakuuzani zonse. Utsi wakuda bii ukutanthauza kuti mwadzaza kwambiri kapena moto wazirala, onjezani nkhuni ndipo musaponye china. Malawi akamatulukira pamwamba pa chumuni, pulasitiki yachuluka, dikirani. Mukamaliza, ikani nkhuni zina kuti zotsalira zipserere. Apa m'pamene makoko a mango aja amawonongera: ndi madzi okhaokha, amazimitsa moto, ndipo nkhuni zomwe zikanakwanira sabata zimatha masiku awiri.

Wowotcha aime chammbali potsegula chitseko, atavala magalasi, masiki ndi magulovesi achikopa. Ayang'anenso mphepo. Mwera ndi mpoto zimakankhira utsi mbali zosiyana, choncho ng'anjo yomwe sivutitsa mu Juni ingathe kufukiza wodi ya amayi kapena chidikiro mphepo ikatembenuka.

Zina sizilowa m'ng'anjo ngakhale itatentha bwanji. Timabotolo ta galasi ta jakisoni totsekedwa ndi zitini za mankhwala opopera zimaphulika, zimang'amba njerwa ndi kuvulaza nkhope. Themometa ya mekyule yosweka, mabatire ndi mafilimu a X-ray zimatulutsa zitsulo zapoizoni. Magalasi akhale ndi ndowa yawo yovindikira, akathere m'dzenje lawo. Mankhwala otha ntchito abwerere ku famase, alembedwe m'kaundula, adikire kuwonongedwa motsatira ndondomeko ya PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Phulusa si lotetezeka. Singano sisungunuka pa moto wa ng'anjo zathu, imatsala yakuda koma yakuthwabe. Lichotseni litazizira, ndi fosholo, likalowe m'dzenje la phulusa lomangidwa ndi njerwa ndi lovindikira. Lisapite kudimba ngati manyowa, lisakwirire maenje a mumsewu.

Maenje onsewa, la phulusa, la magalasi ndi la nsengwa zotuluka amayi akabereka, ali ndi vuto lake kuno kwathu. M'mbali mwa Shire, nyanja ya Malawi ndi Malombe dothi ndi lamchenga ndipo madzi ali pafupi. Pansi pa dzenje payenera kutalikirana ndi madzi a pansi ndi mamita 1.5 mpaka 2, ndipo dzenjelo likhale mamita osachepera 30 kuchoka pa mjigo kapena chitsime, 50 ngati malo alola, kumunsi kwake osati kumtunda. Muyezo wa madziwo utengedwe kumapeto kwa dzinja, mu Malichi kapena Epulo. Wokumba mu Okutobala amapeza pouma n'kukondwa, mvula ikabwera dzenje limasanduka chitsime. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndiye malo omwe kale anali otetezeka ayenera kuonedwanso. Pomwe madzi ali pafupi, dzenje limangidwe chokwera pamwamba n'kuunjikira dothi m'mbali. La nsengwa likhale ndi silabu, chivundikiro chokhoma ndi paipi ya mpweya yokhala ndi sefa pamwamba. Nsengwa ikhuthulidwe yokha, jumbo yake ipite ku bini yachikasu, chifukwa pulasitiki siwola ndipo imadzazitsa dzenje msanga. Klorini musathiremo, imapha tizilombo tomwe timawoletsa. Likatsala theka la mita kuti lidzaze, litsekeni n'kutsegula lina.

Zonsezi zikalakwika, wobayidwa nthawi zambiri sakhala amene anabaya jakisoni. Amakhala wokolopa, wochapa nsalu kapena wowotcha, amene malipiro ake ndi ochepa ndipo mawu ake samveka pamsonkhano. WHO imati munthu akabayidwa ndi singano yochokera kwa wodwala yemwe ali ndi matendawo, mpata wotenga matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi 30 pa 100, a mtundu wa C pafupifupi 2 pa 100, ndipo HIV ndi 3 pa 1,000. Timaopa HIV yokha n'kuiwala chiwindi, chonsecho katemera wake alipo, wobaya katatu. Okonza m'chipatala ayenera kukhala kutsogolo pamzere wolandira, pamodzi ndi katemera wa kafumbata.

Mukabayidwa, sambani pabalapo ndi sopo pa madzi oyenda. Osafinya, osayamwa, osathirapo Jik. Uzani woyang'anira nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku kapena Loweruka. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayambidwa mwachangu, makamaka m'maola oyambirira ndipo asanakwane 72, n'kumwedwa masiku 28 osadukiza. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa kuti sanavale magulovesi. Akuluakulu a wodi, munthu akabwera ndi chala chotuluka magazi, muthandizeni kaye. Mukatero funsani kuti singanoyo inali mu jumbo yanji, yochokera wodi iti, ya tsiku liti, ndipo mulembe m'kaundula. Mayankho amenewa amapezeka pokhapokha ngati jumbo iliyonse inalembedwa dzina la wodi ndi tsiku isanatuluke pakhomo.