Sabata ya "goed" ndi "brang"

Lolemba ndinalowa mu Fomu 1 nditakumbatira mulu wa makope, cholembera chofiira chitatha inki. Chimangirizo chinali chophweka: lembani m'Chingerezi zomwe munachita Loweruka. Koma abale inu! Uyu "I goed to the market", uyo "my mother buyed fish", ndipo mnyamata wokhala pazenera anandithokoza kuti "you teached us well". Ndinaseka, koma kuseka kowawa.

Anawa si mbuli ayi. Lamulo loika -ed kumapeto kwa mneni analigwira, mwinanso mopitirira muyezo. Chichewa chinatilera bwino: ndikupita, ndinapita, ndidzapita. Tsinde lili pomwepo, chosintha ndi kaphatikizo ka nthawi basi. Ndiye mwana wokula chonchi umuuze kuti dzulo lake la "go" ndi "went"?

Lachiwiri ndinati tiyimbe. Ndinasonkhanitsa aneni omveka mofanana, ana akuwomba m'manja: sing, sang, sung, ring, rang, rung, drink, drank, drunk. Kalasi inatentha mpaka ahedi anasuzumira pakhomo. Kenako mtsikana wina wakutsogolo anakweza dzanja monyadira, nati, "Sala, ndapeza wina: bring, brang, brung!" Ndinangogwira pakamwa. Msampha ndinautchera ndekha. Ndinayenera kumuchotsa "bring" m'nyimbomo n'kumubwezera kwa abale ake enieni, buy, think, catch ndi teach, omwe amasanduka bought, thought, caught ndi taught monga iye amasandukira brought, onse atasenza "gh" wosatchulidwa. Cut, put ndi hit anawa anawakonda, ati ndi aneni aulesi chifukwa sasuntha. "Read" ndiye kazitape: kalembedwe n'komweko, koma zikakhala zadzulo umatchula ngati "red", mtundu wofiira uja.

Lachitatu mvula inalindima pamalata, sitinamvane n'komwe. Ndinangodzaza bolodi mpaka choko chinatha.

Tsiku langa linali Lachinayi. Mnyamata wapazenera uja anafunsa mosaseka, "Sala, kodi amene anapanga Chingerezi anali ataledzera?" Ndinawafotokozera kuti "went" poyamba sanali wa "go". Anali wa mneni wina wakale, "wend", ndipo "go" anangomulanda. Anandiyang'ana ngati ndikunena nthano. Ndiye ndinawatembenuzira kwathu. Ndinalemba pabolodi kuti "ndili kunyumba" n'kufunsa za dzulo. "Ndinali!" onse pamodzi. Nanga mawa? Wina anayamba, "Ndidzali…" osamaliza, kalasi yonse kuphulika. Timati ndidzakhala, tabwereka mneni wina, ndipo palibe anatikhazikapo pansi kutiphunzitsa zimenezo. Kunakhala zii kwakanthawi, mtsikana wa "brang" uja akunong'ona yekha, kuyesa ngati "ndidzali" angamveke.

Lachisanu ndinapereka mayeso aafupi. "Goed" anasowa pafupifupi m'makope onse, koma kunabadwa chilombo china: "Did you went?" Awa ndi ana amene amukonda "went" mpaka sakufunanso kumusiya, pomwe "did" akabwera mneni amabwerera mmene analili. Imeneyo ndi nkhondo ya sabata yamawa, ndipo siyozengereza, poti ku MSCE ukalephera Chingerezi, MANEB sikupatsa satifiketi ngakhale masamu utawakhoza bwanji.

Ndikutuluka, wapazenera uja anandithamangira, kope lili m'manja. "Sir, you taught us well," anatero, akutsindika "taught" kuti ndimve, "but I forgetted my pen."