Katundu wa ana amene anachoka pakhomo

Mwana akakula n'kukakhala payekha, amanyamula sutikesi imodzi kapena awiri, zina zonse n'kutsala: makope akusukulu, zidole, nsapato zothina, wailesi yoduka chingwe. Palinso zimene makolo anaika padera okha, monga mbale, makatani ndi mipando, ati "adzazifuna akadzapeza nyumba." Nthawi zambiri mwanayo sadziwa n'komwe kuti zilipo, ndipo anagula kale zake.

Yambani ndi kulekanitsa milu iwiriyi. Za mwana, mwini wake ndiye anene. Zimene munamusungira inuyo ndi zanu, iye angokhala woyamba kusankha.

Kumuuza kuti "udzabwere udzaone katundu wako" sikuphula kanthu, zaka zimangotha. Jambulani chinthu chilichonse pachokha, chipatseni nambala, ndipo mutumize zithunzi pa WhatsApp zosapitirira 15 nthawi imodzi. Zikachuluka munthu amangoti ndiona mawa. Funso likhale lalifupi: ukufuna ziti, udzatenga liti? Mugwirizane tsiku, tinene pakatha masabata 6, ndipo anene yekha kuti wamva zoti chimene sanachitchule chipita kwa ena. Ana akakhala angapo, zithunzizo azione onse pamodzi, kuopa kuti wina angadzamve mochedwa kuti tebulo limene ankalifuna linatengedwa ndi mng'ono wake. Yankho lofala ndi lakuti "mungondisungirabe." Vomerani, koma ikani malire: bokosi limodzi lapulasitiki la malita 60, lotseka bwino, lolembedwa dzina lake.

Satifiketi yakubadwa, masatifiketi akusukulu ndi makhadi a katemera asalowe m'bokosimo. Ajambuleni kaye, kenako muwapereke pamanja.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti katundu wosungidwa amawonongeka ali chikhalire. Katoni imayamwa chinyezi cha pansi pa simenti, zovala n'kuchita chuku. Mphemvu ndi makoswe zimakonda mapepala, njenjete zimaboola majuzi aubweya. Tsegulani kumbuyo kwa chidole chamabatire chimene chakhala zaka 10: mupeza ufa woyera ataumirira pa masipuling'i, chifukwa batire linatayikira n'kudya tizitsulo take. Nsapato zamasewera zimaoneka zatsopano pamwamba, koma kuzivala kamodzi kokha pansi pake pamanyenyeka. Zithunzi zapapepala zimamatirirana, ndipo mukazikoka mwamphamvu nkhope imatsalira kuseri kwa chinzake. Zimene zidakali bwino zikopedwe ndi makina a sikana pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi iliyonse), zing'onozing'ono pa 600, ndipo mwana aliyense alandire kope lake. Bokosi limene latsala likhale pa shelefu, osati pansi kapena kukhudza khoma, ndipo zovala zilowemo zitachapidwa n'kuumiratu.

Tsopano zopita kwa ena. Malo olandira thandizo, sukulu kapena laibulale muziwafunsa kaye chimene akufuna. Mabuku amene silabasi yake inasintha, mbale zong'aluka ndi matiresi onunkha chinyezi si mphatso, ndi ntchito imene mwatulira anzanu. Pogulitsa pa intaneti, lembani muyezo wa chinthucho, onetsani pamene pali chilema, ndipo chikakhala milungu iwiri osapeza wogula, tsitsani mtengo kapena perekani ulere. Mipando yolemera yakale siipeza ogula msanga, kaya inagulidwa modula bwanji.

Zinthu za makanda, zimene agogo amakonda kusungira zidzukulu, zimafuna diso lakuthwa. Mpando wa mwana wa m'galimoto umakhala ndi tsiku limene unapangidwa, ndipo opanga ambiri amati ugwire ntchito zaka 6 mpaka 10 basi. Umene unakhalapo pangozi usapite kwa wina aliyense. Kabedi ka khanda kakhale ndi mipata yosapitirira masentimita 6 pakati pa timitengo take, kuti mwana asapanikizikepo.

Foni ndi kompyuta zakale zisatuluke m'nyumba mwini wake asanakopere zimene akufuna. Kenako chotsani simukhadi ndi memori khadi, tulukani mu akaunti zonse, n'kufufuta zonse kuti zibwerere mmene zinachokera kufakitale. Batire likakhala lotupa, musalitchaje kapena kuliboola, chifukwa limatha kuyaka moto. Liikeni pamalo ozizira kutali ndi mapepala, mpaka mutalipereka kumene amalandira zinyalala zamagetsi.