Zaka khumi tikusamala galimoto za liwiro m'munsi mwa phiri la Mulanje

Mwezi uno galaja yathu ya pa Chitakale yakwanitsa zaka khumi, ndipo poti makasitomala ambiri amangoona zipupa zopentedwa bwino ndi makina okwezera galimoto amene tagula posachedwapa, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze kumene tachokera. Tinayambira pansi pa mtengo wa mango, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi bokosi limodzi la masipanala limene ndinabwera nalo kuchokera ku Joni. Anthu ankatiseka, ndipo sindingawadzudzule chifukwa funso lawo linali lomveka: kodi munthu wanzeru zake angatsegule malo okonzera Benz ndi BMW pakati pa minda ya tiyi ndi nanazi, m'malo mopita ku Blantyre kumene kuli ndalama?

Chimene osekawo sanachione ndi chakuti eni galimoto zodulazi ambiri kwawo ndi konkuno. Amagwira ntchito ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma Loweruka amabwera kudzaona makolo, amabwera ku maukwati ndi ku maliro, ndipo m'mwezi wa October, nthawi ya Mulhako wa Alhomwe, msewu wopita pa Chonde umadzaza galimoto mpaka munthu kuganiza kuti wafika ku Sandton, dera la anthu olemera ku Joni. Komanso aliyense wokonda chiwongolero amadziwa kuti msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, wokhotakhota pakati pa tiyi wa ku Satemwa ndi maesiteti ena, ndi wokoma kuyendetsapo kwambiri. Galimoto ikavuta kuno, kuyikweza pa lole mpaka ku tauni ndi ndalama zambiri, ndipo mpata umenewo ndi umene ife tinalowamo.

Chikondi changa pa galimoto zimenezi chinayambira ku South Africa, kumene ndinagwira ntchito m'galaja ya galimoto za ku Germany. Kumeneko ndinaona koyamba BMW 325iS, imene anyamata a ku Soweto amaitcha Gusheshe, galimoto yopangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria kuyambira mu 1990, yoti ngakhale lero mwini wake sangakugulitse pa mtengo uliwonse. Ndinabwerera kumudzi ndili ndi makutu ophunzira kumva injini, ndipo makutu amenewo ndiwo anali mpamba wanga weniweni.

Masiku ano Loweruka madzulo galaja yathu imasanduka bwalo la milandu, ndipo mlandu wake sumatha: pakati pa Mercedes-Benz C63 AMG ndi BMW M3, mfumu ndi iti? Ndikunena za zija zinatuluka cha m'ma 2007 ndi 2008, chifukwa ndi zimene Amalawi ambiri okonda liwiro angakwanitse kuitanitsa zitagwirako kale ntchito ku Japan kapena ku UK. A mbali ya Benz amatsegula boneti n'kukuonetsani kachitsulo kolembedwa dzina la munthu mmodzi amene anamanga injiniyo ku Affalterbach m'dziko la Germany, monga mwa mwambo wa AMG, kampani imene Hans Werner Aufrecht ndi Erhard Melcher anayambitsa mu 1967. Injini ya C63 ndi V8 ya malita 6.2, ngakhale pambali pa galimoto analembapo 6.3 pokumbukira Benz yakale ya 300 SEL 6.3, ilibe turbo, ndipo imatulutsa horsepower yoposa 450. Ikalira m'mawa kuli chiperoni, ngakhale agalu a m'mudzi amasiya kuuwa kuti amvetsere. A mbali ya BMW amavomereza kuti injini yawo ndi yaing'ono, V8 ya malita 4.0 yotulutsa horsepower 420, koma amakumbutsa kuti imazungulira mpaka maulendo 8,400 pa mphindi, ndiponso kuti M3 munthu ungaipeze ya giya ya manja pamene C63 ya nthawi imeneyo inali ya otomatiki yokha. Zonse ziwiri anazitseka ku fakitale kuti zisapitirire makilomita 250 pa ola, liwiro limene palibe msewu wa kuno ungalilandire, ngakhale wa Midima, ndipo apolisi a pamsewu ndi kamera yawo amakukumbutsani zimenezo msanga.

Akandikakamiza kuti ndigamule, ine ndimanena mosabisa. Pa msewu wowongoka, pofuna kupitirira lole yonyamula tiyi, C63 ndi yosavuta chifukwa mphamvu zake zimabwera mukangogusa phazi, pamene M3 imafuna muikwiyitse kaye. Koma pa makona a ku Thyolo mtima wanga uli ku M3, chifukwa imamvera chiwongolero ngati kuti yadziwiratu zimene mukuganiza, ndipo simulimbana nayo monga mumachitira ndi inzake ija, imene imakonda kuponya matako ndi kudya matayala akumbuyo. Pamene zonse ziwiri zimagonja ndi pamodzi: mahampu a pa misika, maenje a m'dzinja, ndi msewu wa fumbi wolowera kwa amayi anu. Ndaona marimu okhota ndi mabampa ong'ambika ochuluka kwambiri moti munthu akabwera kudzandifunsa galimoto yoti agule, sindiyamba ndi funso la ndalama. Ndimayamba kufunsa kuti kumudzi kwawo phula limathera pati. Ngati yankho lake ndi Thekerani kapena kuseri kwa phiri, ndimamuuza za Land Cruiser 200 ya dizilo ya V8 ya malita 4.5, imene inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021, kapena Porsche Cayenne ngati mtima wake sungagone popanda liwiro. Ena amakhumudwa ndi malangizo amenewa n'kukagula zimene akufuna, ndipo amabwerabe kwa ife, ndiye sitidandaula.

Sindingabise kuti zaka khumizi zinali ndi chaka chimodzi chimene ndinatsala pang'ono kutseka chitseko. Chinali 2023. Kumayambiriro kwa chakacho bambo wina wa kuno, yemwe amagwira ntchito ku Blantyre, anatisiyira M3 yake kuti tisinthe mabeyaringi a m'kati mwa injini, ntchito imene eni galimoto imeneyi ochenjera amachita isanavute. Injini imeneyi imafuna oyilo wa 10W-60, yemwe sapezeka mwachisawawa kuno, choncho tinaitanitsa zonse kwa munthu wina wa ku Joni amene tinali titagula kwa iye zaka zingapo popanda vuto. Mabokosi anali okongola, zolemba zinali zooneka zenizeni, koma katundu anali wachinyengo. Galimoto isanafike ngakhale pa Bvumbwe, injini inagogoda n'kuima. Nditamuimbira mkulu wa ku Joni uja anandilonjeza zambiri kwa masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi nambala yake inasiya kupezeka. Ndikudziwa kuti amawerenga zimene timalemba, ndiye adziwe kuti mabokosi aja ndinawasunga, ndipo aliyense wofuna kugula masipeya ku Joni ndimamuonetsa.

Ndikanatha kuuza bamboyo kuti injini yake inali yotha kale, ndipo panalibe akanandigwira bodza. Koma ndinapita kwawo ndi malume anga, tinakhala pansi, ndinafotokoza zonse, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzawapezera injini ina ndi ndalama zanga. Tisanayambe n'komwe kutolera, m'mwezi wa March kunabwera namondwe wa Freddy. Anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo safuna kuuzidwa za masiku amenewo, pakuti tinaika abale m'manda, milatho inakokoloka, ndipo kwa miyezi ingapo panalibe woganiza zobwera kuno ndi galimoto yotsika. Ntchito inaima. Ndinakatenga ngongole kwa anthu ena obwereketsa ndalama, amene pokupatsa amakuitana kuti achimwene, koma ukachedwa sabata imodzi amatumiza anyamata kudzawerenga masipanala ako. Ndalama zitangotsala pang'ono kukwana, mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo injini imene ndinali nditaipeza ku UK inakwera mtengo usiku umodzi ndili mtulo. Ndinagulitsa Benz yanga yakale, imene ndinkanyamulira akwati, ndiponso mayi a kunyumba anagulitsa munda wawo wa nanazi osandiuza mpaka ndalama zili m'manja.

Injini inafika patatha chaka ndi miyezi. Tinaimanga masiku asanu, ndipo tsiku limene M3 ija inaliranso, bamboyo anaiyendetsa mpaka ku Muloza n'kubwerera, atatsika anandigwira chanza osanena kanthu. Lero theka la galimoto zimene zimaima pabwalo pathu Loweruka zinabwera chifukwa cha pakamwa pawo.

Othokoza ndi ambiri. Ndikuthokoza Mulungu amene anatisunga m'chaka chija. Ndikuthokoza mayi a kunyumba, amene munda wawo ndikadawabwezerabe pang'onopang'ono, ndi mng'ono wanga amene anagwira ntchito miyezi isanu osalandira kanthu koma osachoka. Malume anga, amene sadziwa kusiyana kwa V8 ndi thirakitala, anandiperekeza pa ulendo wovuta uja ndipo anandiyankhulira pamene mawu anandithera. Ndikuthokoza anyamata athu anayi, awiri mwa iwo anabwera ali osadziwa kugwira sipanala koma lero amawerenga kompyuta yoyezera galimoto kuposa ine. Ndikuthokoza a mpingo kwathu, a mfumu amene anatipatsa malo, amayi ogulitsa mandasi pa geti amene ankatikongoza nthawi ya njala, ndi madalaivala a malole amene amatibweretsera katundu kudzera pa Mwanza. Ndipo inu a bwalo la Loweruka, a Benz ndi a BMW omwe, amene munapitiriza kubwera ngakhale nthawi ya mizere ya petulo pamene V8 inali ngati chilango, zikomo kwambiri.

Kuchokera pa phunziro lija, sipeya iliyonse yolowa m'galaja yathu timaigula kwa ogulitsa odziwika, ndipo kasitomala amaona risiti ndi bokosi lake tisanamange, pomwe zakale zimene tachotsa timamupatsa kuti apite nazo. Tili ndi kompyuta yoyezera Mercedes-Benz, BMW, Porsche, Land Rover ndi Toyota, timasunga oyilo woyenera injini iliyonse, ndipo timakonza mabuleki, mashoko ndi sasipenshoni ya mpweya. Ngati mukufuna kuitanitsa galimoto, bwerani tikambirane musanatumize ndalama, chifukwa za ku UK zambiri zimakhala ndi dzimbiri kunsi kaamba ka mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira, ndipo pa zithunzi zimenezo sizioneka. Tidzakuthandizaninso kuwerengera msonkho wa ku MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kuti musadzadzidzimuke ikafika pa chipata.

Pokondwerera zaka khumizi, mwezi wonse uno kuyeza galimoto pa kompyuta ndi kwaulere kwa aliyense wosintha oyilo pathu. Timatsegula Lolemba mpaka Loweruka, ndipo mukafika pa Chitakale funsani a kabaza za galaja ya ma Benz, adzakulozerani. Mtengo wa mango uja ukadalipo, ndipo mipando ya bwalo la Loweruka timaiyala pansi pake kuyambira 3 koloko.