Lipoti la ulendo wa komiti ya ligi ya ku Lizulu wokacheza ndi oyendetsa mpira a ku Dedza

Komiti yoyendetsa ligi ya matimu a m'midzi yozungulira Lizulu, m'boma la Ntcheu, inandipempha kuti ndilembe lipoti la ulendo wathu wokacheza ndi anzathu oyendetsa mpira wa achinyamata pa boma la Dedza, kuti matimu amene sanatumize nthumwi amve nawo zimene tinakaphunzira. Chimene chinatinyamula ndi mkangano umene umabuka chaka ndi chaka ligi ikamafika kumapeto, wokhudza anyamata a mbali ya Mozambique amene amasewera m'matimu athu. Aliyense wodziwa Lizulu akudziwa kuti malire a mayiko awiriwa amatsata msewu wa M1, moti munthu amagula kachewere mbali ino n'kukagula kabichi mbali inayo osazindikira kuti watuluka m'dziko. Timu ikagonja imadandaula kuti anzawo anaseweretsa mlendo, pamene yopambanayo imayankha kuti mnyamatayo ndi Mngoni mnzathu, amalume ake ali konkuno, ndipo chilankhulo chake n'chathu chomwechi.

Tinanyamuka m'mawa pa minibasi nkhungu idakali yokuta, ndipo titadutsa pamphambano ya ku Bembeke dzuwa linali litayamba kuwala paphiri la Dedza. Anzathuwo anatilandirira m'kalasi ya sukulu ina, ndipo atatha malonje anapereka mwayi kwa bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito amene wakhala akuyimbira mpira kwa zaka zambiri. Wapampando wathu atayala nkhani ya anyamata a tsidya, bamboyo ananena kuti yankho lake silingamveke tisanadziwe kuti mpira uli ndi eni ake angati, ndipo anatenga choko n'kuyamba kulemba pabolodi kuchokera pamwamba.

Pamwambapo analemba FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse limene linakhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1904, limene likulu lake lili ku Zurich ndipo lili ndi mabungwe a mpira 211 monga mamembala. M'munsi mwake anandandalika mabungwe asanu ndi limodzi a zigawo zikuluzikulu za dziko lapansi: CONMEBOL ya ku South America, imene ndi yakale kuposa onse chifukwa inayamba mu 1916 ngakhale ili ndi mamembala 10 okha, UEFA ya ku Ulaya yokhala ndi mamembala 55, AFC ya ku Asia, CONCACAF ya ku North America, Central America ndi zilumba za Caribbean, OFC ya ku Oceania, ndi CAF yathu ya muno mu Africa. Pansi pa CAF analemba COSAFA ya kum'mwera kwa Africa, kenako FAM, bungwe loyendetsa mpira m'Malawi muno, kenako bungwe loyendetsa mpira m'chigawo chapakati, ndipo pansi penipeni, bolodi litatsala pang'ono kutha, anajambula mzere wopanda dzina n'kunena kuti pamenepo ndi pamene ligi yathu ikanakhala ikanalembetsa.

Msungichuma wathu ataona mndandandawo anati wamvetsa, chifukwa ukufanana ndi ufumu wa kwathu, kumene nyakwawa imayankha kwa gulupu, gulupu kwa mfumu yaikulu, mpaka kukafika kwa Inkosi ya Makosi Gomani. Bamboyo anavomera kuti chithunzicho n'chothandiza, koma anati chikulakwika pamalo amodzi ofunika. FAM siidutsa ku COSAFA kapena ku CAF kuti ifike ku FIFA, chifukwa iyo ndi membala wa FIFA payokha, ndipo pamsonkhano waukulu wa FIFA dziko lililonse lili ndi voti imodzi, moti voti ya Malawi imalemera chimodzimodzi ndi ya Brazil kapena Germany. Mabungwe a zigawo si mamembala a FIFA, koma FIFA imawavomereza ndi kuwasiyira mipikisano ya m'zigawo zawo, ndipo ndi iwo amene amasankha anthu okakhala m'khonsolo ya FIFA. Umu ndi mmene Walter Nyamilandu, yemwe anatsogolera FAM kuyambira 2004 mpaka 2023, analowera m'khonsoloyo mu 2018 kudzera m'chisankho cha CAF.

Apa ndi pamene ine ndinaona phindu lenileni la bungwe la chigawo, chifukwa voti imodzi ya dziko laling'ono siiopsa munthu, koma mavoti 54 a mayiko a CAF akagwirizana, aliyense wofuna utsogoleri wa FIFA amayenera kuwamvera. CAF inabadwira ku Khartoum mu 1957, ndipo mayiko oyambitsa anali Egypt, Sudan, Ethiopia ndi South Africa, ngakhale kuti South Africa inachotsedwa mumpikisano woyamba wa chikho cha Africa chifukwa chokana kutumiza timu yosakaniza azungu ndi anthu akuda. Mu 1966 mayiko a mu Africa ananyanyala mpikisano wa chikho cha dziko lonse chifukwa sanapatsidwe malo awoawo ngakhale amodzi, ndipo zotsatira zake n'zakuti mu 1970 malo anapezeka ndipo Morocco inapita. Pa mpikisano wa 2026, wa matimu 48, Africa inapatsidwa malo asanu ndi anayi otsimikizika. Malo amenewa sanabwere mwachifundo cha wina aliyense.

Nkhani inakoma kwambiri titafika pa COSAFA, chifukwa mkulu wina wa m'gulu lathu, amene amakumbukira bwino masiku a Kinnah Phiri, anaimirira n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, nanga chikho chija tinkatenga kale chija, cha East and Central Africa, chinapita kuti?" Yankho linali lakuti chikhocho ndi cha CECAFA, bungwe la mayiko monga Kenya, Uganda, Tanzania ndi Ethiopia, limene Malawi inkapikisana nawo ndipo inapambana mu 1978, 1979 ndi 1988. Koma CAF inagawa Africa m'madera asanu ndi limodzi, omwe ndi kumpoto, madera awiri a kumadzulo, pakati, kum'mawa ndi kum'mwera, ndipo ife tili m'dera la kum'mwera, m'bungwe la COSAFA limene linayamba mu 1983 ndipo lili ndi mamembala 14, kuphatikizapo Mozambique, Zambia ndi zilumba monga Madagascar ndi Mauritius. Chikho cha COSAFA chinayamba mu 1997, ndipo Flames inafika mumasewero omaliza mu 2002 ndi 2003 koma siinachitenge, pamene Scorchers inatenga chikho cha amayi mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Tanzania, ngakhale timagawana nayo malire, ndi ya CECAFA, ndipo zoterezi si zachilendo, pakuti Australia inachoka ku Oceania n'kulowa m'bungwe la Asia mu 2006, ndipo Guyana ndi Suriname, zomwe zili ku South America, zimasewera ku CONCACAF. Malire a mpira amatsata bungwe limene dziko linalembetsako.

Amayi ena amene amaphunzitsa timu ya atsikana ku Dedza anawonjezera mfundo imene ndikuganiza kuti ambiri aife timainyoza. Iwo anati chikho cha COSAFA cha akuluakulu timachiona chochepa poyerekeza ndi chikho cha Africa, koma ntchito yaikulu ya bungweli ili m'mipikisano ya osapitirira zaka 17 ndi 20 komanso ya amayi, kumene mwana wa ku Malawi amayamba kuvala yunifolomu ya dziko, ndipo ina mwa mipikisanoyi ndiyo khomo lolowera m'mipikisano ya CAF.

Tinamvanso kuti mabungwewa ali ndi mano. CAF imayendera mabwalo ndipo imatha kukana bwalo losakwaniritsa zofunika, n'chifukwa chake mu 2021 Flames inakasewerera masewero ake apakhomo ku Johannesburg pampikisano wolimbirana malo ku chikho cha dziko lonse. FIFA nayo imaletsa boma kulowerera m'kayendetsedwe ka bungwe la mpira, ndipo mu February 2022 inaimitsa Zimbabwe ndi Kenya pa chifukwa chomwechi, moti mayiko awiriwa sanapikisane nawo pofuna malo ku chikho cha Africa cha 2023. Panali kutsutsana pang'ono pa lamuloli, ena akunena kuti boma limene limamanga mabwalo ndi kulipirira maulendo a timu ya dziko liyenera kukhala ndi mawu. Ine ndikuona kuti dandaulolo lili ndi maziko, komabe tikaganizira mmene zinthu zingakhalire nduna iliyonse yatsopano itamasankha komiti yake, lamulolo n'lotiteteza.

Pamenepo m'pamene bamboyo anabwerera ku funso lathu. Anati pamaso pa FIFA, wosewera ndi wa bungwe limene analembetsako, ndipo mnyamata amene ali m'kaundula wa bungwe la mpira la Mozambique sangasewere m'timu yolembetsedwa ku FAM popanda chiphaso chosamutsira wosewera kuchoka dziko lina kupita dziko lina, chimene chimafunika kwa aliyense wa zaka 10 kupita m'tsogolo. Kwa ana osakwana zaka 18 lamulo ndi lolimba kwambiri, chifukwa kusamutsa mwana kupita dziko lina n'koletsedwa, ndipo chiletsocho chimakhudzanso mwana wa dziko lina amene akulembetsa koyamba. Koma pali mpata umene unatidabwitsa tonse chifukwa ukuoneka ngati anaulembera ife: ngati mwanayo akukhala kwa makolo ake pamtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pamalire, ndipo timuyonso ili pamtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pamalire omwewo, akhoza kuloledwa, bola mabungwe a mayiko onse awiri avomereze. Anyamata athu ambiri amakhala pamtunda woti akamamenyedwa wenzulo pabwalo lathu amamva ali kwawo.

Anatichenjeza kuti zonsezi zimagwira ntchito pa matimu olembetsedwa okha. Ligi yathu mmene ilili pano ili kunja kwa mndandanda uja, choncho tikhoza kupanga lamulo lililonse limene tagwirizana, koma tsiku limene timu yathu idzafune kukwera kupita ku ligi ya boma kapena ya chigawo, mapepala adzafunika. Mlembi wa anzathu a ku Dedza anatulutsa kaundula wa timu imodzi kuti tione. Linali kope lalikulu lachikuto cholimba, tsamba lililonse lili ndi chithunzi cha mnyamata chomatidwa ndi guluu, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu, siginecha ya kholo, ndi mwezi umene analowa m'timu, ndipo masamba a amene anachoka sanang'ambidwe koma anangolembapo timu imene anapitako. Chifukwa chosungira masambawo n'chakuti malamulo a FIFA amati wosewera akagulidwa kuchoka dziko lina kupita dziko lina, magawo asanu mwa magawo 100 a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23, ndipo timu imene siinamulembetse m'kaundula wa bungwe la dziko siilandira kanthu ngakhale mudzi wonse utachitira umboni.

Madzulo tinaonera masewero a timu zawo ziwiri za achinyamata, ndipo mkangano wa mpira wogunda mkono unapereka mpata woti timve kuti malamulo 17 a m'bwalo salembedwa ndi CAF kapena FIFA payokha, koma ndi bungwe la IFAB limene linayamba mu 1886, mmene England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi voti imodzi aliyense, FIFA ili ndi mavoti anayi, ndipo kusintha lamulo kumafuna mavoti asanu ndi limodzi.

Tisananyamuke tinakhala pansi patokha n'kugwirizana zoti tikazitule kumsonkhano wa matimu onse. Timu iliyonse ikhale ndi kaundula ngati amene tinaona ligi yotsatira isanayambe, ndipo wosewera asalembetse m'matimu awiri, kaya mbali ino ya msewu kapena mbali inayo. Anyamata a tsidya apitirize kusewera, koma alembedwe poyera pamodzi ndi mudzi wawo weniweni, ndipo madandaulo okhudza iwo aziperekedwa masewero asanayambe. Mlembi alembere oyendetsa mpira a boma la Ntcheu kufunsa zofunika kuti ligi yathu ilembetsedwe. Pa nkhani ya chiwerengero cha anyamata a tsidya amene timu ingaseweretse nthawi imodzi sitinagwirizane, ndipo taisiyira msonkhanowo. Anzathu a ku Dedza alonjeza kudzatiyendera mvula ikatha, ndipo adzabwera ndi timu yawo ya atsikana.