Kansungwi kolira usiku: momwe midzi ya ku Java imalondera anthu ndi katundu

Mkuwo ukamveka pakati pa usiku ku Chawama kapena ku Kanyama mu Lusaka, anthu amadzuka ndithu, koma ambiri amangosuzumira pawindo. Kodi ndi akawalala, ndi moto, kapena ndi ndeu ya m'banja? Munthu satuluka msanga ngati sakudziwa chimene akakumane nacho, ndiponso ngati sakudziwa kuti anzake atulukanso. Midzi ya ku Indonesia, makamaka pa chilumba cha Java, ili ndi njira yake pa vuto limeneli, ndipo zida zake ndi nsungwi, kachitini ndi pepala la mayina.

Maziko ake ndi kagulu ka mabanja oyandikana kotchedwa RT, kufupikitsa kwa Rukun Tetangga. Nthawi zambiri mumakhala nyumba makumi angapo chabe, zoti munthu mmodzi angathe kuzidziwa zonse ndi mayina a eni ake. Magulu angapo otere amapanga gulu lokulirapo lotchedwa RW, ndipo pamwamba pake pali mudzi wonse, desa, wokhala ndi mtsogoleri wochita kuvoteredwa. Dongosololi linachokera ku tonarigumi, limene asilikali a ku Japan anabweretsa mu 1944 pofuna kuyang'anira anthu. Chiyambi chake sichokoma, koma anthu analisandutsa lawo. Mpaka lero m'malo ambiri mumaona chikwangwani chonena kuti mlendo wogona kupitirira maola 24 akaonekere kwa mkulu wa RT.

Kulondera kwa usiku amakutcha ronda. Pamphambano kapena polowera m'mudzi pamakhala kachisakasa kokwezeka, pos ronda, ndipo pakhoma pake amapachika ndandanda ya masiku 7, tsiku lililonse lili ndi mayina a abambo ake. Amayamba cha m'ma 10 koloko usiku n'kumwazikana chakum'bandakucha. Amanyamula tochi, nsalu yofunda ndi khofi. Wolephera kubwera amatumiza womuimira kapena amalipira chindapusa chimene onse anagwirizana pamsonkhano. Apa m'pamene ntchito zambiri zotere zimafera: wolemera akazolowera kulipira m'malo mobwera, osauka amaona ngati akulondera katundu wa wina kwaulere, ndipo pakapita miyezi yochepa kachisakasa kamatsala ndi agalu okha.

Pakachisakasapo pamalendewera kentongan. Ndi ng'oma yopanda chikopa, yosemedwa kuchokera ku nsungwi kapena ku mtengo wolimba monga wa jekifuruti. Ya nsungwi ndi yosavuta kupanga. Mumasankha nsungwi yokhwima, yonenepa ndi yochindikala, n'kuidula mosiya mfundo kumapeto konse kuwiri kuti mkati mukhale motsekeka. Mbali imodzi mumasiya kachidutswa kopitirira mfundo kuti kakhale chogwirira. Kenako mumaboola mpata wautali m'litali mwake, wotakata ngati chala chimodzi kapena ziwiri, osafikitsa pamfundo. Mpata ukatakata kwambiri mawu amagonthera, ndipo ukafika pamfundo nsungwi imang'ambika mukangoimenya kangapo. Nsungwi yaiwisi iumitsidwe pamthunzi, chifukwa padzuwa imachita ming'alu. Chomenyera chikhale kamtengo kouma, ndipo mumamenya m'mphepete mwa mpata, osati pamfundo. Ya mtengo imakhala yaikulu, imalira patali ndipo imakhalitsa, n'chifukwa chake ndiyo imaikidwa pakachisakasa, pamene zansungwi zimakhala m'makomo.

Chimene chimapatsa chidachi mphamvu ndi kamenyedwe kake. M'midzi yambiri ya ku Java, kumenya kamodzikamodzi kumatanthauza imfa kapena kuphedwa kwa munthu. Kumenya kawiri n'kupumira, kawiri n'kupumira, ndi wakuba. Katatukatatu ndi moto. Kanayikanayi ndi madzi osefukira kapena ngozi ina yachilengedwe. Kasanukasanu ndi kubedwa kwa ziweto. Palinso kamenyedwe kotchedwa doro muluk, koyamba mwamphamvu n'kumachepa pang'onopang'ono, konena kuti kuli bata. Midzi imasiyana pang'ono pa zizindikirozi, choncho amazilemba pakhoma kuti ngakhale mwana aziloweza. Womva amayankha ndi kentongan wake mofanana, ndipo uthenga umayenda khomo ndi khomo. Taganizani kusiyana kwake: womva katatukatatu amatuluka ndi ndowa, womva kasanukasanu amathamangira kukatseka njira zotulukira m'mudzi. Palibe wofunsa kuti kwagwanji. Ndipo chidachi sichidalira malaiti, batire kapena mabandulo, nkhani imene ife a mu Lusaka, titakhala maola ambirimbiri mumdima mu 2024, sitifunika kuuzidwa kawiri.

Mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri ndi jimpitan. Dzinali likuchokera ku mawu a Chijava otanthauza kutapa ndi nsonga za zala. Banja lililonse limapachika kachitini kapena kakapu pafupi ndi chitseko, ndipo madzulo mayi wa pakhomo amathiramo mpunga wochepa, kapena masiku ano kakobiri ka 500 kapena 1,000 rupiah. Olondera akamazungulira amakhuthula kachitini kalikonse n'kulemba m'buku. Mpunga ndi ndalamazo zimathandiza pamaliro, kugula mababu a m'njira, kukonza kachisakasa kapena kuthandiza banja losowa. Koma ntchito yake yobisika ndi ina. M'mawa mayi akapeza mpunga uli momwemo, wadziwa kuti olondera sanafike pakhomo pake, mwina anangokhala pakachisakasa kusewera makadi. Kachitini kamalondera olondera. Wina aliyense amene anayesapo kuyendetsa gulu lolondera m'komboni adziwa kuti funso lovuta si lakuti ndani ali ndi tochi, koma lakuti kodi anayendadi usiku wonse. Chimene chimaononga jimpitan ndi buku. Ndalama zikapanda kuwerengedwa poyera pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi, manong'onong'o amayamba, monga zimakhalira m'chilimba msungichuma akayamba kuzemba, ndipo tizitini timayamba kupezeka topanda kanthu.

Pa ziweto, alimi a ku Lombok ndi a m'madera ozungulira Yogyakarta ambiri amamanga khola limodzi la gulu. Ng'ombe iliyonse ili ndi mwini wake ndi malo ake, koma zonse zimagona pamodzi ndipo eni ake amalondera mosinthana. Kwa abale athu a ku Katete ndi ku Petauke, kumene ng'ombe ndiyo banki ya banja, phindu lake n'loonekeratu: abambo awiri kapena atatu amalondera ng'ombe za mabanja ambiri usiku umodzi, ndipo ndowe imasonkhana malo amodzi. Kuipa kwake ndi matenda. Imodzi ikadwala zonse zili pangozi, monga zinaonekera matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabwereranso ku Indonesia mu 2022. Khola lotere limafuna lamulo lakuti ng'ombe yogulidwa kumene iyambe yakhala payokha.

Katundu wamkulu kuposa onse ndi malo, ndipo wakuba malo sabwera usiku. Lamulo lalikulu la malo ku Indonesia ndi la 1960. Umwini wathunthu, Hak Milik, ndi wa nzika za dzikolo zokha. Mlendo sangakhale nawo, ndipo akagula m'dzina la nzika ya dzikolo alibe chomuteteza kukhoti. Mabanja ambiri a kumudzi akhala akusunga pepala lakale lotchedwa girik, poganiza kuti ndi chikalata cha umwini, pamene kwenikweni ndi umboni wa msonkho. Chikalata chenicheni chimaperekedwa ndi ofesi ya boma yoona za malo, BPN, atayeza malowo, ndipo asanayeze mwini wake amazika zizindikiro za malire oyandikana naye akuona ndi kuvomereza. Kuyambira 2017 boma lakhala likulembetsa malo mudzi ndi mudzi pansi pa ntchito yotchedwa PTSL. Milandu yambiri imabadwa makolo akamwalira munda usanagawidwe papepala, kapena wina akagulitsa malo ndi kakalata kolemba pamanja kokha. Amene anagulapo poloti kumalire a Lusaka ndi kalata ya anyakwawa chabe, osafika pa taitolo ya zaka 99, akuidziwa nkhani imeneyi.

Ngozi zina n'za nthaka yawoyo. Chivomezi cha pa 27 May 2006 kufupi ndi Yogyakarta chinapha anthu oposa 5,000, ambiri chifukwa cha makoma a njerwa opanda zitsulo amene anagwa pamodzi ndi madenga olemera a matailosi. Phiri la Merapi litaphulika mu 2010 anthu oposa 300 anafa, ndipo chimodzi mwa zovutitsa chinali chakuti alimi ankabwerera kumidzi yoopsa kukadyetsa ng'ombe zawo. Pambuyo pake boma la Magelang, limene lili m'mbali mwa phirilo, linalumikiza mudzi uliwonse wa pafupi ndi phiri ndi mudzi wina wakutali, kuti anthu adziwiretu kothawira, iwo ndi ziweto zawo zomwe. Munthu sasiya ng'ombe yake chifukwa chakuti wauzidwa, koma amachoka ngati akudziwa khola limene ikagone.

Pali mbali imodzi yosafunika kuibisa. Chida chodzutsa mudzi wonse chingathenso kuphetsa munthu. Ku Indonesia chizolowezi choweruza okha amachitcha main hakim sendiri, ndipo mu 1998 ku Banyuwangi anthu ambiri anaphedwa powaganizira ufiti. Ifenso tikukumbukira chiyambi cha 2020, mphekesera za othira gasi m'nyumba zitafala, momwe anthu osalakwa anamenyedwera ndi kuotchedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalopo. Choncho gulu lililonse lofuna kutengera njirayi ligwirizane zinthu zina lisanapachike nsungwi yoyamba. Chizindikiro cha wakuba chizimenyedwa ndi amene waona ndi maso ake, osati womva mphekesera. Pagulu la usiku uliwonse pakhale wamkulu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuima pakati pa wogwidwa ndi khamu. Nambala ya polisi yapafupi ilembedwe pakhoma pomwe pali mayina. Ku Indonesia kuli wapolisi woikidwa kuti aziyang'anira mudzi, Bhabinkamtibmas, ndipo wogwidwa amayenera kuperekedwa kwa apolisi, osati kwa khamu.

Kuno kwathu nsungwi yonenepa ikasowa, limu yakale ya galimoto yomenya ndi chitsulo imagwira ntchito yomweyo, ngati ija ya kusukulu. Mpunga ungalowedwe m'malo ndi kakobiri ka K1. Nyumba zikhale 30 kapena 40, osapitirira pamene anthu amadziwana nkhope, ndipo zizindikiro zikhale zitatu zokha poyamba: wakuba, moto, ndi madzi, poti ku Kanyama mvula ikalimba madzi amalowa m'nyumba anthu ali m'tulo. Zizindikirozo ziyesedwe masana Loweruka, ana ndi agogo ali pomwepo, mpaka wa kunyumba yomalizira anene kuti wamva ndipo wawerenga bwino.